Njoka ya Simenti ku Armadale

Kuno ku Armadale, dera la mzinda wa azungu wa Perth, kuli mwambo umene ndinaukonda tsiku lomwe ndinauona. Ikafika nyengo yake, khonsolo imalengeza kuti aliyense atulutse katundu amene watopa naye, amusanje pa kapinga wa m'mbali mwa msewu, galimoto idzatola. Ndiye mumaona zodabwitsa. Mipando yoti kwathu ahedi angakhalirepo mpaka kupuma ntchito, mafiriji, njinga zongophwa tayala, matiresi oti mwana sanakodzerepo n'kamodzi komwe. Eni dziko amati ndi zinyalala. Ine ndimati ndi sitolo yopanda wogulitsa.

Amene anandiitanitsa kuno ndi mwana wanga wamkazi, amayi ake atatisiya. Ndi nesi pa chipatala china m'tauni, amapita ndi kubwera pa sitima. Zotolatolazi anandiletsa, ankati ndikumuchititsa manyazi kwa anthu a mumsewu mwathu. Ndinkavomera ndi mutu. Akangotseka geti, ine ndinkatulutsa wilibala, imenenso ndinachita kutola.

Mwana wangayu ali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anamulera yekha. Bambo wake anatuluka m'nyumba mtsikanayo asanayambe n'sukulu komwe, ndipo tikumva kuti ali ku Joni ndi banja lina. Chinthu chimodzi chimene mwana wanga ankachifuna pa dziko lapansi chinali choti mdzukulu wangayu akwatiwe mwadongosolo: ankhoswe mbali zonse, chinkhoswe cha pagulu, tambala ndi thadzi, anthu aone, pasadzapezeke wonena kuti mwana wa mayi wopanda mwamuna anangotengana ndi munthu pamsewu. Chaka chimenecho mnyamata anapezeka, Mmalawi, wokulira konkuno, mwana wa amayi ena otsogolera chigwirizano cha amayi mu gulu lathu la mapemphero. Chinkhoswe anachiika mu Seputembala. Mwana wanga anali atayamba kale kuitanitsa nsalu kuchokera ku Lilongwe.

Ndiye m'mawa wina kukuyamba kuzizira, ndikukankha wilibala yanga, ndinapeza chinthu chitaimikidwa pakati pa miphika ya maluwa yosweka ndi makina osesera m'nyumba. Chinali chiboliboli cha simenti, chondilekeza m'chiuno. Munthu wakhala chopinda miyendo, maso otseka, manja ali pamwendo. Chokhalira chake ndi njoka yodzikulunga ngati nkhata, ndipo njokayo yakwera kumsana kwake n'kutambasula mitu isanu ndi iwiri pamwamba pa mutu wake, ngati ambulera. Mutu umodzi wa kumapeto unali wobenthuka. Chimene chinandikoka ine ndi nkhope. Inali nkhope ya munthu amene wakhuta ndipo akudziwa kuti lero palibe amutume. Nkhope yotere sindinaionepo pa Mmalawi aliyense wa ku Perth.

Azungu zinthu zimenezi amagula kumene amagula manyowa ndi mipaipi yothirira maluwa. Mulungu wa anthu ena amamuimika pafupi ndi dziwe losambiramo, galu n'kumamukwezera mwendo, akatopa naye n'kumuponya pamsewu pamodzi ndi ketulo yakufa. Ndinachikweza pa wilibala msana uli kulira, n'kukachiika pansi pa mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bedi langa la mpiru, kuti chiziopseza akhwangwala. Akhwangwala a kuno saopa kanthu. Mawa lake ndinawapeza atatera pa mitu ija, aliyense wake, ngati aphungu.

Mwana wanga atachiona anangofunsa kuti ichinso n'chiyani. Ndinati n'choopsezera mbalame. Anali atangoweruka, mapazi atatupa, analibe mphamvu zokangana ndi nkhalamba. Analowa kukagona.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala amayi ena achikulire a ku India. Mwana wawo amagwira ntchito ku migodi ya kumpoto, amakwera ndege kupita n'kukakhalako, ndiye nthawi zambiri amakhala okha. Tinkacheza pa mpanda, iwo ndi Chingerezi chawo chopindika, ine ndi changa cha Sitandade 5. Amwenye sindiwaopa. Moyo wanga wonse ndinali telala wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Lilongwe, ndipo mawu awo angapo ndimawadziwa, ngakhale ambiri mwa iwo ndi otukwana.

Tsiku lina atabwera kudzathyola mandimu, anachiona chiboliboli chija, anaima, n'kuphatikiza manja pachifuwa. Anandiuza kuti munthu wakhala pamenepoyo si wa chipembedzo chawo kwenikweni, ndi mphunzitsi wa Abuda, koma njoka ndi njoka, kwawo amailemekeza. Kuyambira pamenepo nkhani za pa mpanda zinasanduka za njoka zokhazokha. Akuti mulungu wawo wina amagona pa njoka pakati pa nyanja, ngati pa mphasa. Wina amaivala m'khosi. Akuti dziko lonseli lasenzedwa pa mitu ya njoka, ikatopa n'kusinthira mutu wina, ife timati chivomezi.

Ndinawaseka ndithu, sindinabise. Ndinati kwathu munthu akaona njoka amaitanitsa ndodo, saitanitsa pilo. Koma poseka pomwepo ndinakumbukira kuti agogo anga nsato ya ku kachisi sankailoza ndi chala, ndipo inkati ikadutsa pamudzi amayi ankawombera m'manja, amati mvula yayandikira. Ndinawauzanso za Napolo, njoka ija imakhala pansi pa phiri, ikafuna kusamukira ku nyanja n'kukokolola midzi ndi milatho. Anagwedeza mutu uku ndi uku monga amachitira, n'kunena kuti ndi yomweyo, njoka ya madzi, kwawonso iliko. Ndinati ayi amayi, si yomweyo. Yanu imafunditsa anthu ambulera, yathu imanyamula mlatho. Yanu inaleredwa bwino.

Cha kumayambiriro kwa Ogasiti anandipempha kanthu. Kwawo kuli tsiku la njoka, kamodzi pachaka, limene amayi amazipatsa mkaka n'kupempherera ana awo ndi alongo awo kuti asalumidwe. Kachisi wawo ali kutali, mwana wawo anali ku migodi, ndipo iwo sayendetsa galimoto. Anafunsa ngati angadzaike mkakawo pa njoka yanga. Ndinawakumbutsa kuti njoka zenizeni za ku Armadale zinali m'tulo chifukwa cha chisanu, ndipo mkakawo amwa ndi mphaka wa tsidya la msewu. Anati zilibe kanthu, mphakanso ndi cholengedwa. Ndinavomera. Mayi wokalamba akupempherera mwana wake amene ali pansi pa nthaka kukumba miyala, ungamukanize simenti?

Anabwera m'mawa atavala nsalu yawo yabwino. Anatsuka mitu yonse, ngakhale wobenthuka uja, n'kuipaka ufa wachikasu ndi kadontho kofiira pamphumi paliponse. Anaika maluwa, ndi mkaka m'kambale kachitsulo. Ananong'oneza zawo, n'kundisiyira maswiti a mkaka, n'kubwerera kwawo.

Tsikulo linali Loweruka. Mapemphero a gulu lathu amazungulira nyumba ndi nyumba, ndipo Loweruka limenelo inali nthawi yathu.

Nyimbo zili mkati, amayi a mnyamata uja anatuluka kuseri kukayankha foni. Ine ndinali komweko ndikuothera dzuwa, chifukwa makolasi obwerezabwereza amandipweteketsa mutu. Ndinawaona akuima. Anayang'ana mitu ija, anayang'ana maluwa, anayang'ana kambale. Foni inkalankhula yokha m'manja.

"Agogo, mkakawu ndi wa ndani?"

"Ndi wa mwini wakeyo," ndinatero. "Mukufuna agone ndi njala? Nyumba ngati ino siimika ndi mashifiti okha, amayi."

Munthu aliyense amene ali ndi makutu akanamva kuti nkhalamba ikuseleula. Ndaseleula anthu kuyambira ndili pa makina osokera, ndipo akuluakulu a boma ankaseka mpaka kuiwala mathalauza awo. Koma amayiwa sanaseke. Analowa m'nyumba, mandasi amene anali atawaluma anawasiya pa sosala, anatenga chikwama, n'kunena kuti mutu wawayamba.

Ana okulira kuno sangamve chimene amayiwa anaona, ndiye ndifotokoze. Kwathu munthu akatukuka, anzake sakhulupirira kuti ndi thukuta. Amati wakhwima. Amati kuchipinda akusunga njoka, amaidyetsa mkaka ndi mazira, ndipo iyo imamulavulira chuma, koma poyamba imafuna mutu wa m'bale. Za Amwenye ndiye ankanena kwambiri. Ine ndinakhala pakhonde lija mpaka imvi, kuseri kwa sitolo ndinkalowa tsiku ndi tsiku kukatenga ulusi, ndipo chimene ndinapezako ndi makoswe, ambiri moti njoka ikanabwera tikanailandira ndi manja awiri.

Sabata isanathe nkhani inali itakwera mafoni, kukafika ku Area 25 n'kubwerera itanenepa. Njoka ya simenti inasanduka yamoyo. Inasamuka pansi pa mandimu n'kukakhala mu galaja. Wina anaiona ikusuzumira pawindo. Ndipo mwamuna uja ali ku Joni ndi ana ake atsopano, akuti sanathawe ayi, anamudyetsa kwa iyo.

Tsono taonani anthu amene ankanena zimenezi. Si ife osaphunzira. Ndi anthu obaya jakisoni, owerenga magazi pa kompyuta, a madigiri opachika pabalaza. Aliyense wa iwo amadziwa mmene nyumba imapezekera ku Perth, chifukwa yake anaipeza chimodzimodzi: kugwirizira shifiti pa shifiti inzake, kusambitsa nkhalamba za eni, kudya chiimire. Ndipo chuma chimene njokayo inalavula n'chiti? Nyumba ya kumapeto kwa njanji, yodontha pa khonde, ndi galimoto yotsokomola ikamakwera chitunda. Njoka imeneyo ikanakhala yanga ndikanaichotsa ntchito.

Uthenga unabwera kuchokera kuchimuna, waulemu wake, woti chinkhoswe chiyambe chaima mpaka zinthu zina zitalongosoka. Mdzukulu wanga analira. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi cha m'mphuno, ndipo anandifunsa kuti kukhwima n'kutani, popeza iye ankadziwa kuti chimakhwima ndi chimanga. Mnyamata wake, munthu wa ndevu zake, woyendetsa galimoto yaikulu, anangoti amayi ndi amayi, tidikire. Mwana wanga sanalire. Anapitiriza kupita ku ntchito, koma nsalu zija anazichotsa pa tebulo n'kuziika pamwamba pa wadiropu.

Anagwirizana kuti ankhoswe akumane kwathu. Kuno ankhoswe timachita kubwereka, chifukwa amalume enieni ali kutali. Akuchimuna anabwereka mkulu wa mpingo, bambo wa ku Chipata, amene pakati pa sabata amayang'anira malo oimika galimoto koma Lamlungu amatchedwa mtumiki. Ife tinali ndi wathuwathu, mwana wa mchemwali wanga, amene ali pa yunivesite ku Crawley. Akuchita maphunziro a udokotala wa dothi. Wakhala akuyeza dothi la azungu zaka zambirimbiri, koma khasu akaligwira manja amatuluka matuza.

Mphwangayu anabwera atakonzeka. Mu basi ndi mu sitima monse anali akuwerenga za njoka pa foni, ndipo anafika atasanduka katswiri. Anthu atangokhala pansi, anapempha kuti aunikire nkhaniyo mwa sayansi. Anayamba ndi chiboliboli chathucho. Anati chikuonetsa mphunzitsi wa Abuda pa nthawi imene ankasinkhasinkha pansi pa mtengo, kunagwa chimvula cha sabata yathunthu, ndiye mfumu ya njoka inatuluka pansi, inamuzinga n'kumufunditsa ndi mitu yake kuti asanyowe. Anati ndi chizindikiro cha chitetezo basi. Akanalekera pomwepo mwina zikanatha. Koma munthu wa sukulu akatsegula mpopi satseka. Anapitiriza kuti kulinso Ajaini, anthu oti sapha ngakhale nyerere, amenenso ali ndi mphunzitsi wawo wofunditsidwa ndi njoka chimodzimodzi, chifukwa iye anaipulumutsa ikupsa m'chikuni, ndiye inadzabweza ulemu pa tsiku la chigumula. Anati kuti usiyanitse uyang'ane ngati munthuyo wavala, popeza wa Ajaini nthawi zambiri amamusema wosavala. Amayi a mnyamata anaphimba kumaso ndi mpango. Iye osaona, analowa kwa Ahindu, mmene milungu ndi ziwanda zinagwirira njoka, ena kumutu ena kumchira, n'kuikulunga pa phiri ngati chingwe, n'kumapukusa nyanja.

Mkulu wa mpingo ankamvetsera akugwedeza mutu, nkhope ikuwala ngati munthu amene akumusenzetsa mphatso.

"Manje mwakamba mweka, adokotala. Ise tenze kuganiza kuti ni chiwanda chimodzi. Kansi ni vipembedzo vitatu mu chinthu chimodzi."

Mphwanga anati sizimene amatanthauza, ndipo mkakawo anaika ndi amayi oyandikana nafe, osati mwini nyumba. Mkulu uja anati ndiye kuti wansembe wake aliponso, amalowa pa geti ngati kwawo.

Ine ndinaona kuti sukulu yalephera, ndinati ndiyese zanga. Ndinafunsa kuti nanga njoka yozinga ndodo imene ili pa zizindikiro za achipatala, imene theka la anthu a m'chipindamo amagwira ntchito pansi pake, imamwa mkaka wa ndani? Ndinafunsanso za njoka yamkuwa ija inapachikidwa m'chipululu, anthu olumidwa n'kumachira poiyang'ana. Ndinakhala bwino pampando, ndikudziwa kuti ndamugwetsa.

"Agogo, muwerengeko kutsogolo. Yamene ija njoka yamkuwa, pamene anthu anayamba kuifukizira lubani, mfumu inaiphwanya."

Pamenepo anandigwira. Munthu woyang'anira magalimoto amakhala ndi nthawi yowerenga.

Zofuna zawo zinali ziwiri. Chiboliboli chiphwanyidwe pamaso pa mboni. Ndipo mwini nyumba aimirire pamaso pa gulu lonse Lamlungu, apereke umboni woti wamasulidwa. Ine ndinaseka mokweza, ndikuyembekeza kuti mwana wanga awaonetsa khomo. Iye anayang'ana pansi n'kunena kuti wamva, achita.

Alendo atapita ndinamutsatira kukhitchini. Ndinati chibolibolicho ndichikweza pa wilibala ndikawapatse amayi a kuseri, nkhani ithe. Anati akuchimuna akufuna kuona zidutswa. Ndinati nanga umboniwo, ukaulula chiyani, popeza palibe chimene unachita? Ukangoimirira pamenepo ndiye kuti wasainira bodza lawo. Ndinatinso mnyamata woti amayi ake akayetsemula iye amagwa, mdzukulu wanga angapeze wina pa siteshoni ya sitima. Anali akutsuka makapu, sanatembenuke.

"Ababa, inu mumaseka chifukwa zikakuvutani mukwera ndege, kumudzi akulandirani. Ine ndatsala kuno. Ndikadwala, phala adzandiphikira ndani? Ndikafa, mtembo wanga adzauperekeza ndi amayi anu a pa mpandawo? Anthu anga ndi omwewa. Opusa, koma ndi omwewa. Ndipo mwanayo akumufuna mnyamatayo."



Anabwera Loweruka masana, amayi angapo a chigwirizano ndi mkulu uja. Anatenga botolo la mafuta odzozera, amene pa sitolo amakhala shelefu imodzi ndi viniga. Mtumiki wa Mulungu, popita kukamenyana ndi mphamvu za mdima, anavala magalasi oteteza maso ndi magolovesi, chifukwa kuno ngakhale Satana umamumenya motsata malamulo a chitetezo. Anazungulira mtengo wa mandimu akuimba, akuponda mpiru wanga. Kenako hamala inayamba. Mitu inkagwa umodziumodzi, utoto wachikasu udakali pamphumi. M'kati munali waya wadzimbiri ndi akangaude, amene atabalalika mayi wina anakuwa kuti mizimu ikuthawa, anzake n'kukweza nyimbo. Nkhope ija inalimba. Anaimenya kangapo ili chitsinzinire, mpaka inang'ambika pakati.

Amayi a ku India anali ataima pa mpanda nthawi yonseyi. Oimba atalowa m'nyumba kukamwa tiyi, iwo anazungulira n'kulowa pa geti atatenga nsalu yoyera. Anandipempha kuti zidutswazo zisapite mu bini. Kwawo chinthu chotere chikasweka amakachiika m'madzi oyenda, ndipo mwana wawo akabwera adzawatengera ku mtsinje. Ndinagwada kuti ndiwathandize kutola, anati ndisavutike. Anatola okha, ndi kambale kawo komwe. Ndinayesa kunenapo kanthu kopepuka, koti njoka yawo yoleredwa bwino yakumana ndi Amalawi. Sanagwedeze mutu uku ndi uku. Mpaka lero timapatsana moni, koma wa dzanja, patali, ndipo mandimu amagula ku sitolo.

Lamlungu lake tinapita ku holo ya sukulu imene gulu limachita lendi. Anthu anadzaza kuposa pa Khirisimasi, ena oti sitinawaone chaka chonse, mafoni ali m'manja. Mwana wanga anavala yunifolomu ya chigwirizano, yoyera, yosita bwino. Anaimirira kutsogolo, anagwira maikolofoni ndi manja awiri. Anati analola chinthu cha mdima kulowa pakhomo pake chifukwa chosadziwa, ndipo akuthokoza Mulungu chifukwa cha abale amene anamutsegula maso. Mawu ake anali a pa ntchito, amene amauzira wodwala kuti atembenuke. Anthu anayankha ameni, koma mumaona kuti sanakhute. Iwo anabwera kudzamva za galaja, mazira ndi mwamuna wa ku Joni. Mkulu uja anamuyandikira n'kufunsa chapansipansi, koma pa maikolofoni, ngati palibe vina vamene mzimu ukumukumbutsa.

"Ndanena zonse, abusa."

Amayi a mnyamata anaimirira n'kuimba nthungululu. Anathamangira kutsogolo, anamukumbatira, akumutchula kuti asewere, misozi ili mbwembwembwe. Mwana wanga anaima ngati mtengo, manja ali m'mbali, kenako anawakweza n'kuwasisita pamsana. Mdzukulu wanga, amene anakhala pafupi nane, anandifunsa m'Chingerezi ngati tsopano zatha. Ndinati zatha.

Chinkhoswe chinachitika mwezi womwe anapangana. Nsalu zinatsika pa wadiropu, ndipo madiresi ndinasoka ndine, pa makina obwereka. Mphwanga wa dothi analandira tambala, mkulu wa ku Chipata analandira thadzi, zonse zootcha za ku sitolo popeza kuno nkhuku yamoyo kuipeza n'kovuta kuposa mwamuna. Anthu omwe ankaopa mandasi a mwana wanga anadya mpunga wake mpaka kumasula malamba, otsala n'kulongedza m'makontena. Iye anavina. Ndinamuona akuvina ndi mwana wake pakati pa bwalo, akuseka zenizeni, ndipo ndinati chabwino, wagula chimene amafuna, mtengo wake akuudziwa yekha.

Phwando lili pakati, ndinatuluka panja kukapuma phokoso. Ananditsatira mayi wina, yemwe uja anakuwa poona akangaude. Anandifunsa za msana wanga, za kuzizira, za kumudzi. Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. Anati iye zaka zonsezi akugwira ntchito ziwiri koma adakali pa lendi, ana akukula, mwamuna ntchito yake ndi yapakanthawi. Anati sakufuna zoopsa ayi, zokhudza magazi iye sangayerekeze. Amangofuna kudziwa ngati amayi a ku India aja angakhale ndi kena kakang'ono, ka mkaka wokha.

Ndinali ndi mayankho angapo okoma pa lilime, oti akanawakumbukira mpaka ku manda. Ndinati ndikumva kuzizira, n'kulowa m'holo.

Pobwerera, m'galimoto yotsokomola ija, ndinamuuza mwana wanga, ndikuganiza kuti aseka. Anali atavula nsapato, akuyendetsa ndi mapazi otupa. Anati mayiyo ndi wachitatu, awiri anamufunsa iye mwini kukhitchini akupakula.

"Musawayankhe, Ababa. Ngakhale moseleula. Ukwati wa ku tchalitchi sunachitike."

Ukwatiwo uli mu Disembala. Pakamwa ndatseka, ndipo pa mapemphero ndimakhala m'nyumba, kutsogolo, n'kumaimba nawo makolasi onse.